Nkhondo ya Makasu pa Mtsinje wa Ndaniwayamba

Mphekesera imene inali pakamwa pa aliyense mu Ufumu wa Zilibwino chaka chimenecho inali yoti Mfumu yaletsa kufa. Eee, kufa kwenikweniku! Anthu ankanong'onezana kuchigayo, pamjigo, m'minibasi, mpaka m'tchalitchi kwaya ikuimba. Wina akuti anamva kwa mlamu wake amene amasita malaya kunyumba yachifumu, wina akuti anamva kwa chibwenzi cha dalaivala wa nduna. Koma mukudziwa mmene mphekesera imakhalira: imachoka pakhomo itavala kabudula, pofika kumsika yavala suti. Zoona zake n'zakuti Mfumu sinaletse kufa ayi. Inangopempha anthu kuti azifa mwadongosolo, makamaka Lachinayi.

Kuti mumve bwino, tiyambire pamtsinje. Zilibwino ndi kadziko kakang'ono, koti ukakwera njinga kumpoto m'mawa, masana uli kummwera ukufunsa madzi akumwa. Kum'mawa kwake kuli mtsinje wa Ndaniwayamba, ndipo kutsidya kwa mtsinjewo kuli ufumu wina, wa Nafetilipo. Tsono anthu a ku Zilibwino anakwatirana okhaokha kuyambira kalekale mpaka aliyense anasanduka msuweni wa aliyense, ndipo mwambo wawo umati wachibale sakumba manda a wachibale. Choncho maliro akagwa, adzukulu, anthu okumba manda ndi kunyamula bokosi, ankachokera kutsidya. Akagwa kutsidyako, a ku Zilibwino nawo ankanyamula makasu n'kuwoloka mlatho. Zinali choncho kuyambira nthawi imene mlathowo unali chipika chimodzi.

Ndiye kumeneko mdzukulu pamaliro ndi mfumu payekha. Amavala chikhothi cha malemu, n'kumayenda mmene ankayendera malemuyo, kulankhula ngati iye, kutukwana anamfedwa mpaka aseke misozi ili m'masaya. Akafuna amakhala pansi m'dzenje n'kukana kutuluka mpaka amuonetse mbuzi. Palibe amakwiya. Ndi mwambo.

Palibe amakwiya, kupatula Mfumu Ndilipano Yachitatu.

Amalume ake a Mfumu atamwalira, kunabwera alendo ochokera kumaiko akutali, a magalasi akuda ndi makamera m'khosi. Mkulu wa adzukulu tsiku limenelo anali a Chimbalanga, nkhalamba ya mano atatu ya ku Nafetilipo. Inu! A Chimbalanga anavala chikhothi cha malemu cha mamendulo, anatsimphina mmene ankatsimphinira malemu, kenako anaima kutsogolo kwa Mfumu n'kufuula kuti, "Iwe Ndilipano, kodi kukodza pamphasa kuja unasiya?" Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamabenchi. Alendo aja anafunsa womasulira kuti mkuluyu wati chiyani, ndipo womasulirayo, chitsiru cha munthu, anamasuliradi.

Bwalo la nduna linakhala masiku atatu. Nduna ya Zakunja ndi Zokhumudwa, ija imapaka polishi wa nsapato m'tsitsi kuti imvi zisaoneke, inalankhula maola anayi, polishi akutsikira m'kolala. Inati mphasa yanyozedwayi si ya Mfumu yokha, ndi mphasa ya fuko lonse. Nduna ya Chitetezo inafuna nkhondo, koma anapeza kuti m'lole ya asilikali nkhuku ikufungatira, ndiye anati adikire kaye iswe. Pomaliza lamulo linatuluka: mlatho utsekedwe ndi unyolo, dzina la Nafetilipo lisatchulidwenso, ndipo pamapu onse amatepo pepala. Mfumu ya kutsidya, Sindigonja Woyamba, itamva zimenezi, inathamangitsa anthu ake kukatseka mlatho womwewo mbali yawo, ndi unyolo waukulu kuposa, kuti isaoneke ngati yatsekeredwa.

Nanga manda azikumba ndani? Boma linagula chigalimoto chachikasu cha dzanja limodzi lalitali n'kuchitcha Mdzukulu wa Boma. Chinali chimodzi dziko lonse, ndipo chinkayenda Lachinayi lokha, tsiku limene dizilo amafika. Wofuna kukumbiridwa ankayenera kudzaza fomu kutatsala milungu iwiri, n'kusaina yekha. Chigalimotocho chikakumba, dzenje lake ngati damu la nsomba. Sichinkavala chikhothi, sichinkatukwana, sichinkaseketsa munthu. Mbuzi yokha ndi imene sinasinthe, ankadya dalaivala.

Achinyamata analibe nazo ntchito. Koma nkhalamba, abale! Zinayamba kung'ung'udza pamsika, kuchipatala, paliponse pamene pali mthunzi. Bwalo linakhalanso, ndipo Nduna ya polishi ija inati, "Mwinidziko, nkhalamba zikudandaula chifukwa zilibe chochita. Popeza zayamba kukonda nkhani zakunja, tizipatse zakunja zenizeni, zakutali kwambiri, zitope nazo." Umo ndi mmene anabadwira Magulu a Achikulire Okambirana za Maiko Akunja: Lachitatu lililonse, tiyi wamkaka ndi banzi limodzi. Malamulo anali awiri basi. Za m'dziko muno osakamba. Za kuseri kwa pepala osakamba.

M'gulu la pamsika wa Tsitsaniko munali mayi wina dzina lake aNangondo, wogulitsa fodya wonunkhiza pakona pafupi ndi a makala. Anali wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi awiri, mpango wofiira tsiku lililonse, pakamwa ngati lezala. Iwo analembetsa chifukwa cha banzi, tisanamizane. Ankalikulunga pansonga ya chitenje kukapatsa amuna awo, a Zakeyu, mmisiri wa mipando amene anali chigonere kuyambira nthawi yokolola, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale.

Tsiku lina masana, atawanyikira banzilo m'madzi ofunda, a Zakeyu anawagwira dzanja.

"ANangondo, za maliro a Lachinayi lapitali mwamva?"

"Idyani banzi, abambo."

"Akuti bokosi analitsitsa ndi makwerero. Akuti m'busa polalika mawu ankabwerera kuchokera m'dzenjemo."

"Anthu amawonjezera."

"Ine ndinakumbira bambo ake a Chimbalanga. Ndinakumbira mayi ake, mvula ikugwa. Ndinakumbira mkazi wake woyamba, wachiwiri yemwe, ngakhale anali wamwano. Tsono ine andikumbire dalaivala? Wonunkha dizilo? Munthu wosadziwa n'komwe kuti ndinkayenda bwanji?"

"Ndiye musafe."

"Ndikuyesetsa, mayi. Koma mpweyawu ndaugwira nthawi yaitali, manja atopa. Ndilonjezeni chinthu chimodzi. Andiike Chimbalanga. Avale jekete langa labulauni, anditukwane bwinobwino, inu museke. Basi."

ANangondo anayang'ana kudenga, kumene kunalibe chilichonse choyang'ana, n'kunena kuti, "Ndalonjeza. Tsopano idyani, banzi la boma ili, silibwera kawiri."

Analonjeza, koma mlatho unali ndi maunyolo awiri.

Gululo linkakumana mu positi ofesi yakale. Wotsogolera anali a Fayisoni, bambo wa zaka makumi anayi, wa tayi ya zithunzi za abakha. Akuti anaphunzira zaukazembe zaka zisanu akuyembekeza kuti adzakwera ndege, koma boma linawakweza njinga n'kuwatumiza kwa nkhalamba makumi awiri zimene theka lake linkagona tiyi akangotha. Wina wosagona anali a Thawale, mphunzitsi wamkulu wopuma, amene ankabwera ndi kawailesi m'thumba ndi bolopeni zitatu pachifuwa, zonse zosalemba.

Mlungu woyamba a Fayisoni anafotokoza za maiko awiri akutali amene akulimbirana chilumba cha madzi oundana.

"Aphunzitsi," aNangondo anaimika dzanja, "pachilumbapo pamamera chiyani?"

"Palibe, agogo."

"Pamakhala ndani?"

"Mbalame zokha."

"Ndiye akulimbirana chiyani?"

"Ulemu wa dziko, agogo."

"Ooo," anatero aNangondo. "Kani nakonso kuli mphasa."

Nkhalamba zonse zinagwidwa ndi chifuwa nthawi imodzi, mpaka ogona anadzuka kuti atsokomole nawo. A Fayisoni anayang'ana pawindo ngati pali amene wamva.

Mlungu wachiwiri anakamba za mtengo wa mafuta kumaiko a mchenga. ANangondo anaimirira, anapita pamapu n'kugogoda pepala lija ndi chala.

"Apa mwamatapa pali chiyani?"

"Palibe dziko pamenepo, agogo. Khalani pansi."

"Nanga tambala amatidzutsa m'mawa uja amalira kuchokera kuti? Mchemwali wanga anakwatiwa papepala pomwepa, ali ndi ana asanu ndi mmodzi."

"Agogo, chonde, ine ndili ndi banja."

Anakhala pansi. Analawa tiyi, anakulunga banzi. Milungu inapita, anaphunzira za ngalande za zombo, za misonkhano ya mafumu, za maiko amene amasainirana mapepala m'mahotela. Kunyumba a Zakeyu anasiya kumaliza ngakhale theka la banzi. Mnzawo wina wa pamsika anawabweretsera fomu ya chigalimoto mwachifundo, aNangondo anakulungiramo fodya wa kasitomala.

Ndiye linafika Lachitatu la mlungu wachisanu ndi chiwiri. A Fayisoni anatsegula buku limene Nduna inasaina pachikuto, n'kunena motopa kuti, "Makolo anga, lero tikambirana za akaidi ankhondo. Malamulo a maiko amati mdani ukamugwira sumumenya. Umamudyetsa. Ungathe kumupatsa ntchito. Zikatha umamubweza kwawo."

ANangondo anaika kapu pansi.

"Bwerezani, aphunzitsi."

A Fayisoni anadabwa, chifukwa chiyambire palibe anawapemphapo kubwereza. Anabwereza, mokoma kuposa poyamba.

"Ntchito yake yotani? Kukumba kulimo?"

"Kukumba, kulima, zonsezo."

"Kumudyetsa kwake, mbuzi ikuloledwa?"

"Bukuli silikuletsa mbuzi."

"Nanga akatukwana?"

"Ndi mdani, agogo. Mdani wogwidwa amatukwana, n'chizindikiro choti kugonja kwamuwawa."

"Zikatha apita kwawo?"

"Apita kwawo."

ANangondo anatembenukira kwa a Thawale. A Thawale anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, kenako anazimitsa kawailesi kawo, chinthu chimene akuti sanachitepo ngakhale pa ukwati wa mwana wawo.

"A Fayisoni," anatero a Thawale, "ndinaona patsamba lomaliza kuti gulu lililonse liyenera kupita ulendo wokaona malire a dziko. Ife tikufuna Lachitatu likubwerali."

Tsono mumve izi. Mfumu Sindigonja ya kutsidya ili ndi matenda amodzi: chilichonse chimene Ndilipano wachita, nayo ichite, chachikulupo. Itamva za magulu a achikulire, inakhazikitsa ake, Lachitatu lomwelo, mabanzi awiri. Ndipo amayi ochapa pamtsinje, amene alibe unduna koma uthenga wawo sugona panjira, anaimba pochapa kanyimbo kena kotchula tsiku ndi malo, a kutsidya anayankha kanyimbo kena. Lachitatu litafika, gulu la a Fayisoni likutsikira pamalo opapatiza a mtsinje, linangoona kutsidya nkhalamba zinanso makumi awiri zikuona malire, ndi wotsogolera wawo wa tayi. Pakati pawo, a mano atatu aja.

A Fayisoni thukuta kamukamu. "Makolo anga, lamulo likuletsa kulankhula ndi anthu amene kulibe."

"Sitilankhula nawo," anatero aNangondo. "Ine ndili ndi funso kwa a Thawale. Koma makutu awo ndi ovuta, ndikweza mawu." Anaima pamwala, manja m'chiuno, nkhope kuloza kutsidya. "A THAWALE! Kodi mdani atafuna kutiukira, angawolokere pati?"

"PAMIYALA APA, MAYI!" anakuwa a Thawale, amene anali pafupi moti akanatha kuwanong'oneza. "Madzi ake ndi a m'mawondo!"

"Angadziwe bwanji tsiku labwino?"

"Akadzaona mpango wofiira pamkuyu uwu, abwere m'mawa mwake! Ndi makasu!"

"Tikadzamugwira tidzamutani?"

"Tidzamukumbitsa mpaka msana uwawe!"

Kenako a Chimbalanga anatembenukira kwa mnzawo amene anaima naye n'kukuwa m'khutu mwake, maso ali kuno. "ANZANGA! Ine dziko la anthu oumira sindiukira! Kopanda mbuzi ndibwerera panjira!"

"A THAWALE! Kodi mbuzi yanga yamphongo, yakuda ija, mwaiona mmene yanenepera?"

Nkhalamba za mbali zonse zinaseka, koma a Chimbalanga sanaseke. Anakanda m'mutu, n'kukuwanso, mawu atasasa pang'ono. "ANZANGA! Kodi galu uja Zakeyu, jekete labulauni lija akadali nalo?"

Anayankha ndi a Thawale, akuyang'ana kumwamba. "MAYI NANGONDO! Jekete lija munachapa dzulo lauma?"

"ANZANGA!" anatero a Chimbalanga. "Wina akamuuze galuyo kuti asapupulume. Koma akatopa, agone. Khasu langa ndanola kale."

Nthawi yonseyi atsogoleri awiri a matayi anali atafulatira mtsinje, aliyense akulemba lipoti loti gulu lake laona malire ndipo malire ali bwino.

ANangondo atafika kunyumba anafotokoza zonse, mpaka kutsanzira mawu. A Zakeyu anaseka, anatsokomola, anasekanso. "Wanditcha galu? Ndiye ali bwino ameneyo." Tsiku limenelo anamaliza banzi lonse. Anamwalira Lolemba m'mawa, dzuwa likuwomba pakhonde, opanda fomu, mosatsata dongosolo n'komwe.

ANangondo asanalire, anavula mpango wawo, anatsikira kumtsinje mutu uli pamtunda, n'kuumanga panthambi ya mkuyu. Anthu amene anawaona akuti imvi zawo zinali mbuu ngati thonje, ndipo palibe anali ataziwonapo. Atabwerera ndi pamene anayamba kulira.

Lachiwiri m'mamawa mdani anaukira. Anali amuna khumi ndi awiri, wamng'ono pa onse wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu, mathalauza atapinda, makasu paphewa, wina atanyamula mnzake kumsana chifukwa cha nyamakazi. Pagombe anapeza gulu lonse la Tsitsaniko litandanda ndi ndodo zoyendera.

"Mwagwidwa!" anatero a Thawale.

"Tagwidwa, tagwidwa," anatero a Chimbalanga. "Tapatukani, njira ya kumanda tikuidziwa. Iwe Thawale, sunafebe?"

A Fayisoni anafika akuthamanga, tayi ili kumsana. Ataona makasu anakhala pansi pamchenga. "Agogo, mwandipha. Andimanga. Ana anga adya chiyani?"

"Dzukani, aphunzitsi," anatero aNangondo. "Kwerani njinga mukanene kunyumba yachifumu kuti ophunzira anu agwira adani khumi ndi awiri ndi zida zawo, popanda kutaya munthu. Bukulo musalisiye."

Zimene zinachitika kubwalo tinazimva kwa wosita malaya uja. Akuti Nduna ya Chitetezo itamva mawu oti "atiukira" inalowa pansi pa tebulo, itamva oti "tawagwira" inatuluka n'kunena kuti ndi mmene inakonzera. Akuti Mfumu inasintha zovala katatu. Dzuwa lili pamutu, mdipiti wa magalimoto unafika kumanda, ndipo kumapeto kwake, chikubangula, kunali chigalimoto chachikasu chija. Anachithira dizilo wa m'galimoto ya Mfumukazi, Lachiwiri lenileni, kuti dziko lione kuti Zilibwino imadzikumbira yokha.

ANangondo atachiona, anayang'ana kudzenje. Dzenje linali litafika m'chiuno. Bokosi linali pansi pa mtengo. Mfumu ikangoti mangeni awa, basi, a Zakeyu alowa m'damu la nsomba.

Mfumu inatsika, yavala yunifolomu yoyera ya zingwe zagolide, kamimba kali patsogolo. "Adaniwo ali kuti? Atengeni, apite kundende. Mdzukulu wa Boma amalize ntchitoyi."

Asilikali anayang'anana. Kugwira mdzukulu ali m'dzenje? Aliyense wa iwo anali ndi kholo lokalamba kunyumba. Mpata umenewo aNangondo anayenda ndi mawondo mpaka pamapazi a Mfumu, n'kuwomba m'manja katatu.

"Mwinidziko, ndine kapolo wanu, wophunzira wa gulu limene munatipatsa mwa nzeru zanu. Adani anuwa tawagwira ndife. Tsono kundende akakagona pamthunzi, akadya phala lanu, chigalimoto chanu n'kumawagwirira ntchito, kutsidyako adzati chiyani? Adzati Ndilipano anawalandira ngati alendo. Koma malamulo a maiko amati mkaidi wankhondo akumbe. Akumbe dzuwa lili pamutu, anthu anu akuonerera."

Mfumu inatembenukira kwa Nduna ya Zakunja ndi Zokhumudwa. "Zili choncho?"

Ndunayo, imene buku lija inangolisaina osalitsegula, inatembenukira kwa a Fayisoni. A Fayisoni anatsegula tsamba n'kuwerenga mokweza. Nduna inagwedeza mutu. "Ndi zimene ndinalemba, Mwinidziko."

Mfumu inayenda mpaka m'mphepete mwa dzenje n'kusuzumira. M'menemo munali a Chimbalanga, atavala jekete labulauni lofika m'mawondo, pensulo kukhutu ngati mmisiri. Mfumu inawazindikira pompo, nkhope inachita mdima.

"Iwe. Ukundidziwa ine?"

ANangondo anatseka maso. Mumtima ankangoti, Chimbalanga, kamodzi kokha m'moyo wako, tseka pakamwa.

Koma mdzukulu ndi mdzukulu. A Chimbalanga anatsokomola mmene ankatsokomolera a Zakeyu, anapendeketsa mutu ngati akuyeza thabwa, n'kuyankha ndi mawu enieni a malemu. "Ndikukudziwa, mwanawe. Mpando umakhalira kubwalo uja ndinakhoma ndine. Ndinayeza kumbuyo kwako chaka chatha, ndapeza kuti kwakula kuposa dziko lako. Ubwere nawo ndiwonjezere thabwa."

Makasu onse anaima. Ngakhale mbuzi yakuda ija inasiya kutafuna. Khosi la Mfumu linatupa, dzanja linayamba kukwera kuti liloze asilikali.

"Mwamva, Mwinidziko?" anafuula aNangondo, akadali chogwada. "Mwamva mmene mdani wogonja amalirira? Patsamba lomwelo zalembedwa! Akamatukwana kwambiri ndiye kuti mwamugonjetsa kwambiri!"

"Zoona, Mwinidziko," anatero a Fayisoni, amene tsopano anali atayamba kuona ndege m'maso mwawo. "Chitukwano chotere sichinamvekepo. Kupambana kwanu n'kwakukulu."

Dzanja la Mfumu linaima m'malere. Inayang'ana nduna, nduna zinawomba m'manja. Inayang'ana anthu, anthu anawerama, mapewa akugwedezeka, ndipo Mfumu inaona ngati akunjenjemera ndi ulemu. Pang'onopang'ono inamwetulira.

"Alire," inatero. "Apitirize kulira. Ndipo akumbe! Chigalimotocho chibwerere, chisawathandize ngakhale fosholo imodzi!"

"Lamulo likutinso adyetsedwe, Mwinidziko," anatero a Thawale.

"Apatseni mbuziyo, aone mmene timadyera kuno!"

Chigalimoto chinatembenuka, dalaivala akuyang'ana mbuzi mwachisoni. Adani anakumba dzenje la muyeso wake, lowongoka m'mbali ngati analipala ndi mpeni. Ananyamula bokosi pamapewa, analitsitsa ndi zingwe mofatsa ngati akugoneka khanda. Atakwirira, a Chimbalanga anayenda kuzungulira mtumbira, phewa limodzi lotsika, mwendo ukukokera kunja, ndendende a Zakeyu akuchokera kokhoma mipando. Anaima kutsogolo kwa mayi wamasiye, anatambasula dzanja.

"ANangondo, kafodya pang'ono. Ndipo musandipatse wa makasitomala uja mumasakaniza ndi phulusa. Zaka makumi asanu ndakhala chete, lero ndanena."

ANangondo anaseka. Anaseka mpaka kugwira nthiti, misozi ikutsikira m'kamwa, amayi anzawo akuwagwira kuti asagwe. "Galu iwe," anatero, ndipo palibe anadziwa ngati akunena wa m'jekete kapena mwini jekete.

Madzulo dzuwa lisanalowe, adani anaperekezedwa kumtsinje atakhuta, wina atanyamula mwendo wa mbuzi m'thumba. Wailesi ya Zilibwino inalengeza kuti dziko lapambana nkhondo ndipo adani akakamizidwa kukumba manda athu. Wailesi ya Nafetilipo inalengeza kuti asilikali awo olimba mtima alowa m'dziko la adani, akwirira munthu mmodzi, alanda mbuzi, abwerako onse amoyo. Mafumu onse awiri analamula tchuthi. Mlatho sanautsegule, anangopenta maunyolo.

Chiyambire pamenepo nkhondo sinathe. Amaukirana kawiri kapena katatu pamlungu, nthawi ya chifuwa mpaka kanayi, ndipo mbali iliyonse imapambana nthawi zonse. A Thawale agwidwapo kasanu kutsidya, akuti kumeneko akaidi amawapatsa ndi thobwa lomwe. Nduna ya Zakunja ndi Zokhumudwa inalandira mendulo chifukwa cha nzeru zakuya pa nkhani za maiko.

Kumapeto kwa chaka magulu onse analemba mayeso, opambana n'kulandira satifiketi kubwalo. Pa nkhalamba makumi awiri za ku Tsitsaniko, analephera mmodzi yekha. Palipoti lawo analembapo kuti aNangondo amafunsa mafunso ambiri, sadziwa malikulu a maiko, ndipo amakonda kutuluka pamutu wa zokambirana. Iwo atawawerengera anangoti, "Kani," n'kupitiriza kuyeza fodya pakona yawo.

Tsono inu amene mwamva nkhani yonseyi, tanenani mosaopa, pano palibe wa tayi: mawa mutayambana ndi a kutsidya kwanu, mungatume ndani, nduna ya mendulo kapena mayi wolephera mayeso?